Masipika akamang'ung'udza okha nyimbo isanayambe

Usiku, m'nyumba muli zii, mwayatsa kompyuta kuti mumalize ntchito imene inatsalira masana. Nyimbo simunatsegule, koma masipika ayamba kale yawo: huuu, mosalekeza, ngati lole yoima patali injini ili chilirire. Masana phokosoli limabisala m'phokoso la ana ndi la pamsewu. Usiku ndiye limaboola m'mutu. Ambiri akafika pamenepa amagamula msanga kuti masipika atha, n'kuyamba kufunsa mitengo ya ena. Alipo amene amagula ndithu, kufika nawo kunyumba, kulumikiza, n'kupeza kuti atsopanowo akulira nyimbo yomwe ija.

Zimatero chifukwa kawirikawiri sipika si mwini phokoso. Iyo ndi mthenga chabe, imanena zimene yatumidwa. Kompyuta imatulutsa timagetsi tochepa kwambiri tonyamula mawu, nthawi zambiri tosapitirira volt imodzi. Timagetsito timayenda pa waya n'kukalowa mu ampulifaya, imene pa masipika a kompyuta imabisika m'bokosi la sipika imodzi kapena m'bokosi la wufa, sipika yaikulu yotulutsa besi. Ampulifaya imakuza chilichonse chimene chafika pakhomo pake. Sidziwa kusiyanitsa mawu a woimba ndi zinyalala zimene zakwera matola panjira. Ntchito yonse yothetsa vutoli yagona pa kupeza pamene zinyalalazo zikukwerera.

Mwayi wake, phokosolo limadziulula lokha munthu akafatsa n'kulimvetsera. Lilipo lakuya ndi losalala, la huuu lija. Lilipo laukali, lolira ngati bemberezi wolowa m'botolo. Lina limangoti shiii ngati mvula yowaza ikumveka patali. Lina limathetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto, ndipo lina limabwera modukizadukiza foni isanalire. Lililonse lili ndi kwawo.

Kumene huuu amabadwira

Magetsi a pa soketi sayenda njira imodzi ngati madzi a mumtsinje. Amapita, kubwerera, kupita, kubwerera, ka 50 pa sekondi iliyonse, ndipo ndicho chimene malemba oti 50 Hz pa chaja yanu akutanthauza. Liwiro limeneli limachokera pa kuzungulira kwa makina opanga magetsi, monga a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire. Malawi, Zambia, Mozambique, South Africa ndi Britain onse amayendera 50. Ku America ndi 60, ndipo munthu wa khutu lakuthwa amamva kuti masipika a kumeneko amang'ung'udza mokwererako pang'ono. Oimba gitala ya besi angazindikire kulira kwa 50 mosavuta: kuli pafupi kwambiri ndi G wa pansi, amene amamveka mukatsina nsambo yaikulu pa fret yachitatu.

Nkhani ina yapambali: 50 ameneyu sakhala ndendende nthawi zonse. Amakwera ndi kutsika pang'ono zedi malinga ndi kuchuluka kwa magetsi amene anthu akukoka pa nthawiyo, ndipo kasinthidwe kake sikabwereza. Apolisi a Metropolitan ku London anayamba kujambula kung'ung'udza kwa magetsi usana ndi usiku mu 2005. Wina akabweretsa mawu ojambulidwa monga umboni, iwo amafananitsa kung'ung'udza kobisika m'mawuwo ndi kaundula wawo, n'kudziwa tsiku ndi ola limene anajambulidwa, kapena ngati wina anadulamo zina. Chimene chikukusowetsani tulo inu, kwa ena ndi mboni ya kukhoti.

Masipika ang'onoang'ono a patebulo satha kutulutsa bwino mawu akuya ngati a 50 Hz. Chimene mumamva kwambiri pa iwo ndi ana ake a 50, amene ali pa 100, 150, 200 ndi kupitirira. Anawa akachuluka, huuu uja amasanduka bemberezi. N'chifukwa chake vuto limodzimodzi limamveka mosiyana pa masipika osiyana, ndipo munthu amene wangogula wufa amadabwa kuti phokoso layamba lero, chonsecho linalipo kale, kungoti panalibe choti chilitulutse.

Yambani ndi kuzula

Musanagule kanthu, musanatsegule bokosi lililonse, zulani waya wa mawu. Ngati n'kotheka muuzule kumbali ya masipika, kuti atsale okha ndi waya wawo wa magetsi basi. Kenaka mvetserani.

Phokoso likatha, masipika ndi osalakwa ndipo mlandu uli pa waya, pa kompyuta, kapena pa mmene zinthuzi zakumanirana. Likapitirira chimodzimodzi, tembenuzani kabatani ka voliyumu. Ngati likukula ndi kuchepa motsatira voliyumu, ndiye kuti likulowa kumayambiriro, mawu asanakuzidwe. Ngati silikusintha ngakhale mutatsitsa mpaka pansi, pafupifupi nthawi zonse vuto lili pa gawo lodyetsa magetsi ampulifaya.

Pa masipika amene waya wake ndi wosazuka, pali kamsampha. Waya wolendewera m'malere umatola phokoso ngati eriyo, ndipo mukakhudza nsonga ya jack (kamutu kachitsulo ka kumapeto kwa waya wa mawu) ndi chala mumva huuu wamphamvu. Zimenezo si matenda. Thupi la munthu limatola mphamvu ya mawaya a magetsi amene atizungulira m'makoma, ndipo chala chimaitsanulira mu ampulifaya. Okonza mawailesi amachita dala zimenezi poyesa ngati ampulifaya ili moyo. Njira yabwino yoyesera masipika otere ndi kulowetsa jack ija mu foni kapena mu laputopu imene ikuyendera batire, yosalumikizidwa ku chaja. Akakhala chete pamenepo, ndi abwinobwino.

Tiyeni tiyambe ndi pamene masipika ali olakwadi, chifukwa nkhani yake ndi yaifupi. Ampulifaya imafuna magetsi oyenda njira imodzi, osalala. Kuti iwapeze, magetsi a pa soketi amatsitsidwa, n'kuwongoledwa kuti asamabwerere m'mbuyo. Koma akawongoledwa amatuluka mokhavukira, ka 100 pa sekondi, ngati madzi a pa mjigo amene amatsata dzanja la wopopa. Mukatchera ndowa yoboola kunsi pa mjigo wotero, madzi otuluka pa kabowoko amayenda mosadukiza ngakhale olowa akubwera mokhavukira. Ndowa imeneyo mu ampulifaya ndi kapasita. M'kati mwake muli timadzi tamankhwala timene timauma ndi zaka, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuumako: amisiri amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umadulidwa pakati. Wufa wokhala pakona yopanda mpweya ku Nsanje kapena ku Salima sangafanane zaka ndi mnzake wa ku Dedza. Kapasita ikafooka, kukhavukira kuja kumadutsa mpaka ku sipika, ndipo mumamva kulira kwa 100 Hz kosamvera voliyumu. Nthawi zina imaoneka ndi maso, yotupa pamutu kapena yotuluka zofiirira. Zida zambiri zopangidwa pakati pa 1999 ndi 2007 zinadwala nthenda imeneyi msanga chifukwa cha makapasita opangidwa ndi mankhwala olakwika, ndipo zina mwa zida zimenezo zikadali m'nyumba zathu.

Kusintha kapasita ndi ntchito yaing'ono kwa wokonza mawailesi, ndipo mtengo wake sufika pafupi ndi wa masipika atsopano. Koma musaitosetose nokha ngati si ntchito yanu, poti kapasita yaikulu imasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Ngati masipika anu amadyera pa adaputa ya kunja, yesani kaye ina ya ma volt ofanana ndi kakhalidwe kofanana ka + ndi - kumutu. Adaputa zotchipa zogula m'malo mwa yoyamba imene inapsa ndizo zimayambitsa milandu yambiri ya mtunduwu.

Mkombero wa earth

Tsopano vuto lenileni, limene limazunguza mitu ngakhale ya anthu odziwa. Masipika paokha ali chete. Kompyuta payokha, mukamvera pa mahedifoni, ili chete. Mukangozilumikiza, huuu. Amisiri amalitchula ground loop.

Pulagi yathu ya mano atatu, imene tinatengera ku Britain komwe inayamba kugwira ntchito mu 1947, ili ndi dzino lalitali pamwamba. Dzino limenelo ndi earth. Silinyamula magetsi oyendetsera chida. Limalumikiza chitsulo cha kunja kwa chidacho ndi nthaka, kuti waya wamoto ukaduka m'kati n'kukhudza chitsulocho, magetsi athawire pansi, fyuzi ipse kapena switch ya pa bolodi igwe, munthu asanagwirepo.

Waya wa mawu wamba, wa jack ya mamilimita 3.5 kapena wa mitu yofiira ndi yoyera ija, uli ndi timawaya ta m'kati tonyamula mawu ndi chikuto cha kunja cha timawaya tolukana. Chikutocho chili ndi ntchito ziwiri: kutchinga phokoso la kunja, komanso kukhala poyambira kuyeza. Ampulifaya simva waya wa m'kati pawokha, imamva kusiyana kwa pakati pa waya wa m'kati ndi chikuto. Ndiye taonani chimene chimachitika. Kumbali ya kompyuta, chikuto chalumikizana ndi bokosi lachitsulo, bokosilo lalumikizana ndi earth. Kumbali ya masipika kapena ampulifaya ya mano atatu, chikuto chomwecho chalumikizananso ndi earth kudzera pa pulagi ina. Zida ziwirizi tsopano zagwirana kawiri, kudzera m'khoma ndi kudzera pa waya wa mawu. Wapangika mkombero.

Pa pepala, earth ndi ziro paliponse. M'nyumba yeniyeni si choncho. Filiji, makina otenthetsera madzi, machaja ndi makompyuta ena onse amadonthezera timagetsi pang'ono mu waya wa earth, ndipo popeza waya uliwonse umakaniza magetsi pang'ono, earth ya soketi ya kuchipinda imasiyana ndi ya soketi ya pabalaza ndi kachigawo kakang'ono ka volt. Kuwonjezera apo, mkombero wa waya umachita ngati koyilo, waya wokulungidwa mozungulira: mphamvu ya maginito yochokera ku transifoma kapena ku mawaya a magetsi oyandikira ikadutsa pakati pake, imadzutsa magetsi oyenda mozungulira. Magetsi amenewa amadutsa pa chikuto cha waya wa mawu, ndipo poyambira kuyeza paja pamayamba kugwedezeka ka 50 pa sekondi. Zili ngati sikelo ya pa butchala imene muvi wake ukunjenjemera musanaikepo nyama: chilichonse chimene mungayeze chinyamula kunjenjemerako.

Ndipo sizifuna zambiri. Mulingo wa mawu pa zida za m'nyumba uli cha pa 0.3 volt. Phokoso la 0.003 volt, gawo limodzi mwa magawo 100, limamveka bwinobwino m'chipinda chachete.

Chozunguza mutu n'chakuti mkombero sukhala pakati pa kompyuta ndi masipika okha ayi. Chida chilichonse chokhudzana ndi kompyuta chikhoza kukhala mwendo wachiwiri: monita, printa, kanema wolumikizidwa ndi HDMI, ampulifaya ya pabalaza. Wokayikitsa wamkulu ndi waya wochokera ku dishi kapena ku eriyo ya padenga, umene umalowa mu dikoda, dikoda mu kanema, kanema mu kompyuta. Ndinaonapo munthu atasintha mawaya a mawu katatu, wachitatuyo wodula ndi wa mitu yonyezimira ngati golide, phokoso osasuntha. Tsiku limene anamasula waya wa dishi kumbuyo kwa dikoda, m'nyumba munagwa bata. N'chifukwa chake njira yofufuzira ndi imodzi yokha, yotopetsa koma yosanama: zulani chilichonse kupatula kompyuta ndi masipika, kenaka bwezerani chimodzichimodzi mukumvetsera. Chimene chabweza phokoso ndicho chatseka mkombero.

Mankhwala oyamba ndi aulere. Ikani kompyuta, monita ndi masipika pa ekisitenshoni imodzi yabwino, yodyera pa soketi imodzi. Mukatero earth ya zonse imakumana pamalo amodzi, mawaya ake ndi aafupi, ndipo mkombero umachepa mpaka kusamveka. Mavuto ambiri amathera pomwepa.

Zikakanika, mkombero uyenera kudulidwa kumbali ya mawu. Kachida kotchedwa ground loop isolator kali ndi titransifoma tiwiri m'kati, kamodzi ka kumanja kena ka kumanzere. Mawu amawoloka kudzera m'maginito popanda waya kukhudzana ndi waya, choncho magetsi ozungulira aja amasowa podutsa. Kamagwira ntchito, ngakhale totchipa kwambiri timadyako besi pang'ono ndipo timasokoneza mawu voliyumu ikakwera. Njira yoyera kuposa zonse ndi waya wa kuwala wa TOSLINK, umene kampani ya Toshiba inatulutsa mu 1983. Umanyamula mawu monga kuthwanima kwa kuwala kofiira m'kachingwe kopanda chitsulo chilichonse, ndiye palibe mmene magetsi angadutsire. Ngati kompyuta ndi ampulifaya yanu zonse zili ndi kabowo kake, musavutike ndi zina. Bluetooth nayo imadula mkombero pa chifukwa chomwecho, kungoti mawu amachedwa pang'ono, zimene zimasowetsa mtendere pojambula nyimbo.

A m'ma studio ndi oyendetsa zimkuzamawu za kutchalitchi ali ndi njira yawo, ya mawaya otchedwa balanced, a mitu ya XLR ya timano titatu kapena jack yaikulu ya mizere iwiri. M'menemo mawu amayenda pa mawaya awiri opotana, chikuto n'kungokhala chotchinga basi. Phokoso likalowa, limalowa mofanana pa awiri onsewo, ndipo popeza chida cholandira chimangomva kusiyana kwa awiriwo, phokosolo limadzifafaniza lokha. Nzeru imeneyi ndi yakale, inachokera ku matelefoni: Alexander Graham Bell analembetsa umwini wa mawaya opotana awiriawiri mu 1881. Koma pali pamene anthu amapusitsika. Waya wa balanced umathandiza pokhapokha zida za mbali zonse ziwiri zili zopangidwira zimenezo. Kugula waya wa XLR mbali ina ndi jack yaing'ono mbali ina, n'kuubaya mu laputopu, sikusintha kanthu. Pakati pa laputopu ndi mikisa ya kutchalitchi pamafunika DI box (kabokosi kosandutsa mawu a pa waya wamba kukhala a balanced), imene ili ndi ka switch kolembedwa kuti ground lift. Ka switch kameneka kamadula chikuto cha waya wa mawu. Sikakhudza earth ya magetsi.

Ndanena zimenezi mwadala, chifukwa pali "mankhwala" ena amene amafala kwambiri: kuthyola dzino la earth pa pulagi, kapena kumasula waya wake wa mizere yobiriwira ndi yachikasu. Phokoso limathadi, sindikana. Koma mwachotsa chinthu chokhacho chimene chinaima pakati pa inu ndi ma volt 230 tsiku limene china chidzapsa m'kati mwa chidacho. Zikatero bokosi lonse lachitsulo limakhala lamoto, fyuzi siipsa, ndipo magetsi amadikira njira. Njirayo ikhoza kukhala waya wa mawu, maikolofoni imene ili pamlomo pa woimba, kapena mwana woyenda wopanda nsapato pa simenti. Mmisiri amene angakuuzeni kuti muthyole dzino limenelo, musamupatsenso ntchito.

Pamene earth palibiretu

Kwathu kuno vuto lotembenuka la limeneli ndi lofala mwina kuposa mkombero weniweniwo. Nyumba zina zinalowetsedwa magetsi mwachidule, dzenje la earth pa soketi lili chabe ngati chokongoletsa. Maekisitenshoni ena a pamsika ali ndi mabowo atatu koma m'kati muli mawaya awiri. Ndipo tonse tikudziwa luso lotosa kamtengo kapena chivindikiro cha bolopeni m'bowo la pamwamba kuti pulagi ya mano awiri ilowe.

M'kati mwa bokosi lodyetsa magetsi kompyuta, ndi m'machaja a laputopu, muli timakapasita tosefa phokoso timene timataya zinyalala zake ku earth. Earth ikasowa, zinyalalazo zimakhala pa thupi la kompyuta, ndipo mita yoyezera ma volt ikhoza kuwerenga pafupifupi theka la mphamvu ya pa soketi, ma volt opitirira 100, ngakhale kuti magetsi ake ndi ochepa kwambiri. Ndiko kunyerenyetsa kumene mumamva mukasisita laputopu yachitsulo ili pa chaja. Zinyalala zimenezi zikapeza waya wa mawu zimatsata momwemo, n'kukatulukira m'masipika monga bemberezi waukali.

Zizindikiro zake n'zosavuta. Mukazula chaja laputopu n'kumayendera batire, phokoso limatha nthawi yomweyo. Kapena mukagwira chitsulo cha kompyuta ndi dzanja phokoso limachepa, chifukwa thupi lanu lakhala earth. Ngati ndi choncho, yesani soketi ina yapakhoma popanda ekisitenshoni, yesani chaja yeniyeni ya mano atatu m'malo mwa yongofanizira, ndipo ngati nyumba yonse ikuchita chimodzimodzi, itanani wa zamagetsi wovomerezeka adzayeze earth. Pamenepo masipika akuchitirani chifundo, akuululirani vuto lalikulu kuposa nyimbo.

Magetsi akathima ambiri timatembenukira ku inveta ndi jenereta, ndipo nazo zili ndi mawu awo. Inveta zotsika mtengo, zolembedwa kuti modified sine wave, sizitulutsa magetsi okwera ndi kutsika mosalala ngati a pa gridi. Zimadumpha ngati masitepe, ndipo m'makona akuthwa a masitepewo ndi modzaza ana a 50 aja. Masipika, mafani ndi matransifoma zonse zimalira mwaukali pa inveta yotere, ndipo UPS (mabokosi a batire othandiza kuti kompyuta isazime magetsi akathima) zambiri zotchipa zimachita chimodzimodzi zikayamba kuyendera batire. Palibe waya kapena isolator imene ingachize zimenezi mokwanira. Chofunika ndi inveta ya pure sine wave, apo ayi masipika oyendera batire yawoyawo. Jenereta yaing'ono imayenera kuzungulira ka 3000 pa mphindi kuti itulutse 50 Hz, ndiye wina akayatsa ketulo injini n'kulemedwa, mumamva kung'ung'udza kwa m'masipika kukutsika mawu limodzi nayo. Mukamva phokoso losintha mawu chotero, musafufuzenso kwina.

Aja amadziwa kuti foni ilira

Kulira kodukizadukiza kuja kumene kumayamba masekondi angapo foni isanaitane, kumene ena ankati masipika alosera, ndi kwa netiweki ya GSM, ya 2G. Pa netiweki imeneyi mafoni asanu ndi atatu amagawana njira imodzi mosinthana, iliyonse n'kumalankhula pa kanthawi kake. Foni yanu imayatsa ndi kuzimitsa mphamvu yake yotumizira pafupifupi ka 217 pa sekondi. Mafunde a wailesiwo paokha samveka, koma akalowa mu ampulifaya yosatchingidwa bwino, kuyaka ndi kuzima kwawoko kumasanduka mawu. Pa 3G ndi 4G sizimveka kwambiri, koma foni ikakhala pamalo pamene netiweki ndi yofooka imabwerera ku 2G n'kukweza mphamvu, ndipo mafoni ang'onoang'ono a mabatani ambiri amakhala pomwepo nthawi zonse. Chotsani foni patebulo, muiike kutali ndi mawaya ngakhale mita imodzi. Kachibulumwa kakuda kotchedwa ferrite, kofanana ndi kamene kamakhala kumapeto kwa mawaya ena a monita, kamathandizako mukakamangirira pa waya wa mawu pafupi ndi masipika.

Kompyuta nayo m'kati mwake ndi msika waphokoso. Ngati mumamva kulira kopyapyala kumene kumasintha mukasuntha mouse, mukamatsitsa tsamba, kapena gemu ikayamba, ndiye kuti mawu akutola zinyalala za purosesa (ubongo wa kompyuta) ndi graphics card (gawo lopanga zithunzi za pa monita), zimene zimakoka magetsi mwadzidzidzi kambirimbiri pa sekondi. Pa kompyuta ya patebulo, kabowo ka mahedifoni ka kutsogolo ndiko kamavutika kwambiri, chifukwa kawaya kake kamayenda ulendo wautali m'kati mwa bokosi kudutsa pafupi ndi zonsezi. Samutsirani jack ku bowo lobiriwira la kumbuyo. Timasipika todyera magetsi pa USB koma mawu n'kumatengera pa jack timapanga kamkombero kawokawo pa kompyuta imodzi yomweyo. Bayani USB yakeyo mu chaja ya foni kapena mu power bank, mawu okha ndiwo achokere ku kompyuta, ndipo nthawi zambiri kulirako kumatha. Ka sound card ka kunja kolowera pa USB kamathandiza pochotsa gawo la mawu m'kati mwa msikawo, ngakhale sikadula mkombero wa earth nthawi zonse, poti waya wa USB nawo uli ndi chitsulo cholumikiza mbali ziwirizo.

Musanaimbe mlandu masipika pa kulira kopyapyalaku, azimitseni kaye. Mukapitiriza kukumva, kukuchokera m'timakoyilo ta pa graphics card kapena m'bokosi la magetsi, timene timanjenjemera tokha.

Za shiii ndi zothetheka

Shiii wosalekeza kawirikawiri ndi nkhani ya kagawidwe ka voliyumu. Anthu ambiri amatsitsa voliyumu ya pa kompyuta kufika pa 10 kapena 15, n'kupotokola ya pa masipika mpaka kumapeto. Pamenepo ampulifaya ikukuza mawu ofooka pamodzi ndi phokoso lake lachibadwa. Tembenuzani: ya pa kompyuta ikhale cha pa 80, ya pa masipika itsike. Mawu amveka mofanana, shiii achepa. Yang'ananinso m'makonzedwe a mawu ngati maikolofoni kapena line in (bowo lolowetsera mawu mu kompyuta) zili zotsegula n'kumatulukira m'masipika. Pa Windows pali kabokosi kolembedwa kuti Listen to this device, kamene kakasiyidwa kochonga kamatumiza ku masipika phokoso lonse la bowo lopanda kanthu. Kupatula zimenezi, mapulogalamu sayambitsa huuu wa magetsi, ndipo kuchotsa ndi kubwezeretsa ma driver (timapulogalamu toyendetsa zida za kompyuta) kasanu ndi kutaya madzulo chabe.

Kuthetheka potembenuza kabatani ka voliyumu ndi fumbi ndi dzimbiri za m'kati mwake. Mankhwala opopera otsukira zida zamagetsi amathetsa, ndipo nthawi zina kungokapotokola uku ndi uku kambiri masipika ali ozimitsa kumakwana. Mafuta ophikira kapena oilo wa makina osokera asayandikire pamenepo. Kuthetheka kobwera mukagwedeza waya ndi waya wothyokera m'kati, nthawi zambiri pakhosi pa jack pamene umapindika tsiku ndi tsiku. Jack yosalowa mpaka kumapeto nayo imabweretsa huuu wamphamvu, chifukwa chikuto chimakhala chisanakhudze pake. Kuti phaa kamodzi filiji ikamayaka kapena wina akayatsa getsi la chubu ndi kugunda kodutsa m'mawaya a nyumba, ndipo kumachepa mukasamutsa masipika ku soketi ya mzere wina.

Kayalidwe ka mawaya kuseri kwa tebulo nakonso kali ndi mbali yake. Waya wa mawu womangidwa mtolo umodzi ndi mawaya a magetsi, kapena wogona pamwamba pa adaputa, umatola maginito ake. Alekanitseni ngakhale ndi chikhatho chimodzi, ndipo pamene akuyenera kudutsana adutsane mopingasa, asayende limodzi.

Palinso kulira kumene si kwa magetsi n'komwe. Ngati bemberezi amangobwera besi ikagunda, n'kusowa nyimbo ikaima, fufuzani chinthu chogwedera: sikuluwu yomasuka, kansalu kapena kawaya ka kutsogolo kwa sipika, pepala la sipika long'ambika m'mphepete, makiyi ali patebulo, ngakhale zotsalira za mphemvu m'bokosi la wufa. Gwirani bokosilo mwamphamvu ndi manja awiri nyimbo ikulira. Kulira kukasiya, mwapeza. Transifoma ya m'kati mwa wufa nayonso imanjenjemera yokha ka 100 pa sekondi zitsulo zake zikayamba kumasuka, ndipo phokoso lake limachokera m'bokosi, osati pa pepala la sipika. Kuika khutu pambali pa bokosi kumasiyanitsa ziwirizi.

Mukachita zonsezi mudzatsalabe ndi kena kake. Ampulifaya iliyonse, ngakhale yodula motani, ili ndi kashiii kake kamene kamamveka mukagunditsa khutu pa sipika. Muyezo wake ndi mpando umene mumakhalapo: ngati pamenepo simukumva kanthu usiku, palibe chokonza. Ndipo alipo masipika ena otchipa amene anabadwa akung'ung'udza, chifukwa wopanga anaika transifoma moyandikana ndi bolodi ya ampulifaya m'kabokosi kamodzi kuti asunge malo ndi ndalama. Ena mwa iwo salekeza ngakhale mutazimitsa ndi kabatani ka kutsogolo, poti kabataniko kamangodula mawu, transifoma n'kukhalabe pamoto. Amenewo mmisiri sangawasinthe chibadwa. Wufa wake mukankhireni pansi pa tebulo pa kachidutswa ka mphira kapena ka kapeti kuti asanjenjemeretse matabwa, ndipo pokagona muzizimitsa pa switch ya pakhoma.